Tebulo lagawidwa m'ma partition koma query ikuchedwabe: ndiwonjezere index iti?

Nachisale analemba:

Moni kwa nonse a m'gulu lino. Ndimasamalira database ya PostgreSQL 14 ya bungwe lina lobwereketsa ndalama, ndipo tebulo lathu la malipiro a makasitomala linakula kwambiri moti tinaganiza zoligawa m'ma partition (timatebulo ting'onoting'ono) a mwezi ndi mwezi, potengera column ya nthawi yomwe ndi ya mtundu wa timestamptz (tsiku ndi nthawi, yoganizira time zone). Ma partition amenewa akuyambira mu Januwale 2020 mpaka lero, ndipo mwezi uliwonse timawonjezera ina. Chiyembekezo chathu chinali chakuti ntchito ya pa kauntala ifulumira, koma zomwe tikuona n'zakuti kasitomala akafuna kudziwa malipiro ake a mwezi umodzi, kalaliki amakhala akuyang'ana pa kompyuta kwa masekondi angapo, ndipo kumapeto kwa mwezi, pamene anthu amachuluka, mzere umafika panja.

Query yomwe pulogalamu yathu imatumiza ndi iyi:

SELECT * FROM malipiro
WHERE kasitomala = 40217
AND date(nthawi) BETWEEN '2024-03-01' AND '2024-03-31'
ORDER BY nthawi DESC;

Primary key ya tebuloli ili pa id ndi nthawi. Palinso index (mndandanda wothandiza database kupeza mizere mwachangu) ya column ya kasitomala payokha, koma iyi ili pa ma partition a zaka ziwiri zapitazi okha, chifukwa inkaikidwa pamanja partition iliyonse ikamapangidwa. Ndikathamangitsa EXPLAIN, lamulo loonetsa njira yomwe database idzatsate poyankha query, ndikuona Append yomwe pansi pake pandandalikidwa ma partition onse, ena ali ndi Index Scan, ndipo akalewo ali ndi Seq Scan (kuwerenga mizere yonse), ngakhale kuti ndapempha mwezi wa Malichi 2024 wokha.

Mafunso anga ndi awiri. Kodi chomwe chikufunika ndi kuwonjezera ma index, kapena ndichepetse kukula kwa ma partition kuti akhale a tsiku ndi tsiku monga momwe mnzanga wina wandilangizira? Ndipo ngati yankho ndi index, ndingaimange bwanji popanda kuimitsa makalaliki, poti malipiro ena amalowa ngakhale usiku kudzera pa foni?

Mwale_Zomba anayankha:

aNachisale, musanakhudze index iliyonse, yambani ndi Append imene mwaionayo, chifukwa vuto lalikulu lili pamenepo. Phindu la kugawa tebulo limabwera pokhapokha planner, gawo la database lomwe limasankha njira yoyendetsera query, ikatha kusiya ma partition osafunika isanayambe n'komwe kuwawerenga, zomwe zimatchedwa partition pruning. Kuti ichite zimenezi, planner imatenga zomwe mwalemba mu WHERE n'kuzifanizira ndi malire a partition iliyonse. Malirewo analembedwa pa column ya nthawi yeniyeniyo, koma inu mwaipatsa date(nthawi), ndipo kwa planner chimenechi ndi chinthu china chomwe sichingafaniziridwe ndi malire aja. Popeza singatsimikize kuti mu partition ya Juni 2021 mulibe mzere womwe mukuufuna, imalowamo, ndipo imachita chimodzimodzi m'ma partition onse. Zili ngati kalaliki amene ali ndi makaundula a mwezi ndi mwezi m'kabati, koma pofuna risiti ya mu Malichi akutsegula kaundula aliyense kuyambira woyamba, chifukwa funso lomwe wapatsidwa silikugwirizana ndi zomwe zalembedwa pa zikuto.

Lembani query yanu motere:

WHERE kasitomala = 40217
AND nthawi >= '2024-03-01 00:00+02'
AND nthawi < '2024-04-01 00:00+02'

Column ikhale yokha mbali imodzi, ndipo masamu onse achitikire mbali inayo. Ndalemba dala >= ndi < m'malo mwa BETWEEN, chifukwa BETWEEN amaphatikiza malire onse awiri, ndiye mukalemba '2024-03-31' pa column ya timestamptz mutaya malipiro onse a tsiku lomalizalo kupatula omwe analowa pakati pa usiku penipeni, ndipo mukalemba '2024-04-01' mudzakoka partition ya Epulo popanda chifukwa.

Pali mfundo ina yokhudza nthawi yomwe ndikufuna muiganizire mofatsa, chifukwa ikukhudza kulondola kwa ziwerengero, osati liwiro lokha. Zotsatira za date() pa timestamptz zimadalira TimeZone ya session yomwe yatumiza query. Ife kuno tili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, choncho malipiro omwe alowa 1 koloko usiku pa 1 Malichi, ku UTC amakhala a 11 koloko usiku wa tsiku lomaliza la Febuluwale. Ngati seva yanu ili pa UTC ndipo pulogalamu sinasinthe TimeZone, malipiro a pa foni a maola awiri oyambirira a mwezi akhala akuwerengedwa m'mwezi wam'mbuyo. N'chifukwa chakenso PostgreSQL imakana kumanga index pa date(nthawi) mwachindunji, popeza imafuna function yomwe yankho lake silisintha, yomwe amati immutable. Mukhoza kuikakamiza polemba AT TIME ZONE 'Africa/Blantyre' mkati mwake, ndipo index imangika, koma pruning sidzachitikabe, ndiye njira imeneyo sindikukulimbikitsani.

Onaninso malire a ma partition anu ndi \d+ malipiro mu psql, chida cholembera malamulo a PostgreSQL. Ngati anadulidwa pa UTC, query ya mwezi wa kuno idzakhudza ma partition awiri, wa Febuluwale ndi wa Malichi. Zimenezo sizodetsa nkhawa, awiri ndi ochepa poyerekeza ndi onse omwe mukuwerenga panopa, koma ndi bwino kudziwa chifukwa chake kuti musadabwe mukaziona mu EXPLAIN.

Mukasintha, thamangitsani EXPLAIN ANALYZE pamodzi ndi BUFFERS. Ngati masiku mwawalemba ngati mawu okhazikika monga ndachitira pamwambapa, ma partition osafunikawo saoneka n'komwe. Ngati mwagwiritsa ntchito now(), pruning imachitika query ikamayamba kuyenda ndipo muona mzere wakuti Subplans Removed ndi chiwerengero cha omwe asiyidwa. Zimenezi zinayamba mu PostgreSQL 11 ya mu 2018, ndipo 12 ya mu 2019 inachepetsa kwambiri nthawi yomwe planner imataya pa matebulo a ma partition ambiri, choncho 14 yanuyo ili nazo zonse.

Za ma partition a tsiku ndi tsiku, ine ndikukana. Chaka chimodzi chokha chingakupatseni matebulo 365, lililonse ndi ma index ake, ndipo query yolembedwa ndi date() ikanalowa m'onsewo. Mukanakulitsa vuto lomweli.

Gondwe anayankha:

Ndikugwirizana ndi zonse zomwe aMwale anena, ndipo ine ndilankhulapo za index, poti funsolo likadalipo ngakhale pruning itayamba kugwira ntchito. Pruning imakufikitsani pa partition yoyenera, koma mkati mwa partition ya mwezi umodziyo mukadali mizere yochuluka, ndipo yomwe mukufuna ndi ya kasitomala mmodzi. Apa ndi pamene index imagwira ntchito yake.

Index yomwe ikugwirizana ndi query yanu ndi ya B-tree yokhala ndi ma column awiri, kasitomala poyamba kenako nthawi. Dongosolo limeneli silongosankha. B-tree imasanja mizere potengera column yoyamba, ndipo pakati pa mizere yofanana pa column yoyambayo m'pamene imasanja potengera yachiwiri. Kasitomala akakhala poyamba, malipiro onse a 40217 amakhala pamodzi mu index, atasanjidwa kale potsatira nthawi, ndiye database imatsikira pamalo amodzi, n'kuwerenga motsatizana mpaka malire a mwezi, ndipo ORDER BY wanu amapezeka atakwaniritsidwa popanda Sort. Simukufunika kulemba DESC pomanga index, chifukwa PostgreSQL imatha kuiwerenga chobwerera m'mbuyo, ndipo mu EXPLAIN muona Index Scan Backward. Mukatembenuza dongosolo, nthawi n'kukhala poyamba, database iyenera kuyenda mu index ya mwezi wonse ikusefa makasitomala ena onse. Lamulo lomwe ine ndimatsatira ndi lakuti column yomwe ikufunsidwa ndi = ikhale patsogolo, ndipo yomwe ikufunsidwa ndi malire a kuyambira apa kufika apo ikhale pambuyo.

Tsopano za kumanga popanda kuimitsa ntchito. CREATE INDEX wamba pa tebulo lalikululo amamanga index pa ma partition onse nthawi imodzi, ndipo nthawi yonseyo INSERT ndi UPDATE zimadikira, ngakhale kuti kuwerenga kumapitirira. CREATE INDEX CONCURRENTLY, yemwe satsekereza kulemba, saloledwa pa tebulo logawidwa lenilenilo. Njira yake ndi yodutsa m'magawo. Choyamba pangani index pa tebulo lalikulu lokha:

CREATE INDEX malipiro_kas_nthawi ON ONLY malipiro (kasitomala, nthawi);

Liwu lakuti ONLY limachititsa kuti index isatsikire ku ma partition, choncho imapangidwa m'kanthawi kochepa ndipo imakhala ndi chizindikiro cha invalid. Kenako pa partition iliyonse, imodzi imodzi:

CREATE INDEX CONCURRENTLY malipiro_2024_03_kas_nthawi ON malipiro_2024_03 (kasitomala, nthawi);
ALTER INDEX malipiro_kas_nthawi ATTACH PARTITION malipiro_2024_03_kas_nthawi;

Partition yomaliza ikangolumikizidwa, index ya pamwambayo imasanduka yokha kukhala valid, ndipo kuyambira pamenepo partition iliyonse yatsopano imabadwa ili nayo kale index imeneyi. Zimenezi zithetsa vuto lomwe mwalitchula lakuti ma partition ena ali ndi index pomwe ena alibe. Kumbukirani kuti CONCURRENTLY sayenda mkati mwa transaction, ndiye ngati mukugwiritsa ntchito chida cha migration chomwe chimakuta zonse mu BEGIN ndi COMMIT, chidzakana. CONCURRENTLY amadikiranso ma transaction akale kuti athe, choncho session imodzi yoiwalika ili idle in transaction ingamuimitse nthawi yaitali, ndipo mudzaipeza mu pg_stat_activity. Akalephera panjira amasiya index ya invalid yomwe iyenera kuchotsedwa musanayesenso. Yambani ndi miyezi yomwe ikufunsidwa kwambiri, akalewo muwamange usiku.

Index yatsopanoyi ikayamba kugwira ntchito, ija ya kasitomala payekha ikhala yosafunikanso, chifukwa yatsopanoyi imayankhanso query yomwe yangotchula kasitomala basi. Yang'anani idx_scan mu pg_stat_user_indexes kwa kanthawi, ndipo mukaona kuti chiwerengero chake chaima, ichotseni. Index iliyonse imalipiridwa pa INSERT aliyense, ndipo pa tebulo lolandira malipiro usana ndi usiku mtengo umenewo si wochepa.

Ndaonanso SELECT * mu query yanu. Ngati pa kauntala amangofuna nthawi, ndalama ndi nambala ya risiti, tchulani ma column amenewo okha, ndipo muganizire zowonjezera INCLUDE pa index kuti ndalama ndi risiti zikhale mu index momwemo. Pamenepo mukhoza kupeza Index Only Scan, yomwe siipita ku tebulo konse. Koma zimenezi zimadalira visibility map, kaundula wa masamba a tebulo omwe mizere yake yonse ikuoneka kwa aliyense, yomwe imakonzedwa ndi lamulo la VACUUM. Ma partition a miyezi yakale sasinthanso, ndiye VACUUM mmodzi amawakwanira. Pa partition ya mwezi uno yang'anani mzere wa Heap Fetches mu EXPLAIN ANALYZE, ndipo ngati chiwerengero chake n'chachikulu, dziwani kuti phindu la INCLUDE silinafike.

Chomaliza ndi chinthu chomwe ambiri sachidziwa. Autovacuum imachita ANALYZE pa partition iliyonse payokha, koma sichita pa tebulo lalikulu logawidwalo. Ziwerengero za tebulo lonse, zomwe planner imadalira makamaka pa ma JOIN, zimasonkhanitsidwa pokhapokha inu mutalemba ANALYZE malipiro pamanja. Ikani lamulo limeneli pa ndondomeko yoti liziyenda lokha, mwina partition yatsopano ikapangidwa.

Nachisale anayankha:

Zikomo kwambiri aMwale ndi aGondwe. Tasintha query ndipo EXPLAIN tsopano ikuonetsa ma partition awiri okha, monga munanenera, chifukwa malire athu alidi pa UTC. Index yatsopano yamangidwa pa miyezi ya chaka chino, ndipo yankho la pa kauntala likubwera nthawi yomweyo. Nkhani ya maola awiri ija taipereka kwa a zowerengera ndalama kuti aunikenso malipoti a kumapeto kwa mwezi.

Pali zinthu ziwiri zomwe zatsala. Choyamba, kasitomala nthawi zina amabwera ndi nambala ya risiti yokha, osakumbukira tsiku, ndiye query yake ilibe nthawi konse. Ndinayesa kupanga unique index pa column ya risiti ndipo PostgreSQL inakana, ikuti column yogawira tebulo iyenera kukhalamo. Chachiwiri, query yomwe takonzayi imathamanga bwino mu psql, koma ikachokera ku pulogalamu yathu ya Java imachedwa nthawi zina pamene makalaliki onse akugwira ntchito limodzi, ndipo mu pg_stat_activity ndikuona ma session akudikira pa LockManager. Kodi ziwirizi n'zogwirizana?

Gondwe anayankha:

aNachisale, n'zogwirizana ndithu, ndipo muzu wake ndi umodzi: query iliyonse yomwe planner singaidulire ma partition pa nthawi yokonza plan imagwira loko (lock) pa partition iliyonse ndi pa index iliyonse ya partition imeneyo.

Ndiyambe ndi risiti. PostgreSQL ilibe index imodzi yokuta ma partition onse. Oracle ili nayo, ndipo amaitcha global index, koma mu PostgreSQL index ya pa tebulo lalikulu ndi dzina chabe lomwe pansi pake pali ma index ang'onoang'ono, partition iliyonse yake. N'chifukwa chake unique index iyenera kukhala ndi column yogawira, popeza partition iliyonse imangodziwa zomwe zili mwa iyo yokha. MySQL nayonso ili ndi lamulo lomweli. Mukhoza kupanga unique index pa risiti ndi nthawi pamodzi, ndipo ilandiridwa, koma musanyengedwe nayo, chifukwa imalola risiti yofanana kulowa kawiri bola nthawi zikhale zosiyana. Index wamba pa risiti imathandiza kufufuza, koma query imagogodabe pa partition iliyonse, ndipo mtengo wake umakwera mwezi uliwonse pamene mukuwonjezera ina.

Njira yomwe ndaiona ikugwira ntchito bwino ndi kukhala ndi katebulo kena kosagawidwa, ka ma column awiri okha, risiti ngati primary key ndi nthawi, komwe kamalembedwa mu transaction yomweyo ndi malipiro. Katebulo kameneka kamakupatsani zinthu ziwiri nthawi imodzi, chitsimikizo chakuti risiti siibwerezedwa, komanso nthawi yomwe mukufuna kuti mufike pa partition yoyenera. Pulogalamu ifunse kaye nthawi m'katebuloko, kenako itumize query yachiwiri yokhala ndi risiti ndi nthawi. Mukhoza kuziphatikiza mu query imodzi ndi subquery, ndipo pruning idzachitika mkati moyenda, ma partition osafunika n'kuoneka ndi mawu akuti never executed, koma onsewo amakhala atakonzeredwa plan ndiponso atagwidwa loko. Pa vuto lanu la LockManager, ma query awiri osiyana ndiwo abwino. Ngati nambala ya risiti ili kale ndi chaka ndi mwezi mkati mwake, monga zimakhalira m'mabungwe ena, ndiye kuti katebuloko sikofunika pa kufufuza, pulogalamu ingotenga mwezi pa nambalayo.

Tsopano za Java. Driver ya JDBC ya PostgreSQL, statement yomweyo ikafika pa kuthamanga kachisanu, imayamba kuisunga pa seva ngati prepared statement. Seva nayo imakonza plan yapadera pa maulendo asanu oyamba, poganizira manambala enieni omwe atumizidwa, kenako imayerekeza mtengo wake ndi wa plan imodzi yogwira pa manambala alionse, yomwe amati generic plan, ndipo ikaona kuti siyokwera mtengo imasamukira kwa iyo. Generic plan siidziwa mwezi womwe mudzafunse, choncho imakhala ndi ma partition onse. Pruning imachitikabe query ikamayamba, ndipo n'chifukwa chake deta yowerengedwa imakhala yochepa, koma maloko amakhala atagwidwa kale pa onse. Mu PostgreSQL 14 session iliyonse ili ndi malo 16 okha a maloko ofulumira, omwe amati fast-path, ndipo opitirira pamenepo amapita ku tebulo la maloko lomwe ma session onse amagawana. Makalaliki akachuluka, amayamba kulimbirana tebulo limenelo, ndipo kudikira kumeneko ndiko mukukuona ngati LockManager. Mu psql simuziona chifukwa mumalemba masiku enieni ndipo mumakhala nokha.

Chothandiza mwachangu ndi plan_cache_mode, yomwe inabwera mu PostgreSQL 12:

ALTER ROLE pulogalamu SET plan_cache_mode = force_custom_plan;

Zikatero plan imakonzedwa mwatsopano ulendo uliwonse ndi masiku enieni, ndipo maloko amagwidwa pa ma partition ofunika okha. Pali kamtengo ka kukonza plan kawirikawiri, koma pa query yosavuta ngati yanuyi n'kochepa poyerekeza ndi kudikirako. Kusinthaku kumagwira pa ma connection atsopano okha, ndiye connection pool iyenera kuyambitsidwanso. Kuchotsa index yosafunika ija kuthandizanso pano, chifukwa index iliyonse ndi loko imodzi yowonjezera pa partition iliyonse.

Mwale_Zomba anayankha:

Ndiwonjezere ziwiri pa zomwe aGondwe afotokoza. Pa malipoti a mwezi wonse, omwe amaphatikiza ndalama za makasitomala onse, musadabwe mukaona Seq Scan pa partition imodzi, ndipo musaikakamize kugwiritsa ntchito index pozimitsa enable_seqscan. Ngati mukufuna pafupifupi mizere yonse ya mu partition, kuiwerenga motsatizana ndiko kofulumira. Pa malipoti a sabata kapena a tsiku limodzi, ganizirani index ya BRIN pa nthawi. Iyi siisunga mzere uliwonse, imangosunga nthawi yochepetsetsa ndi yokulitsitsa ya gulu lililonse la masamba 128 a tebulo, choncho imakhala yaing'ono kwambiri, ndipo imagwira bwino pamene mizere inalowa motsatira nthawi, monga zimakhalira ndi malipiro. Ngati ma partition akale munawadzaza posamutsa deta mosatsata nthawi, BRIN siithandiza pa iwowo. Ndipo ngati seva ili ndi disiki ya SSD, onani random_page_cost, yomwe imabwera ili pa 4.0, chiwerengero chomwe chinaikidwa poganizira ma disiki ozungulira. Ambiri amaitsitsa kufika pafupi ndi 1.1, ndipo planner imayamba kusankha index pamalo pomwe inkaizemba.

Chachiwiri n'chakuti njira yotsimikizika yochepetsera maloko ndi kuchepetsa ma partition omwe ali pa tebulo. Ngati malipiro a 2020 ndi 2021 safunsidwanso pa kauntala, ndipo malamulo a kasungidwe ka zolemba m'bungwe lanu akulola, achotseni pa tebulo lalikulu ndi ALTER TABLE malipiro DETACH PARTITION, n'kuwasiya ngati matebulo apadera omwe a zowerengera ndalama angawafikirebe. Mu 14 yanuyo mukhoza kuwonjezera CONCURRENTLY kuti ntchito isaime, koma saloledwa ngati tebulo lili ndi default partition, ndiye onani kaye mu \d+ ngati ilipo. Ngati ilipo ndipo muli mizere, fufuzani kuti ndi ya masiku ati, chifukwa kawirikawiri imakhala ya mwezi womwe partition yake inachedwa kupangidwa, ndipo partition ya mwezi umenewo siingapangidwe mizereyo isanasamutsidwe.